Nkhope pa pepala la zitumbuwa

Apolisi anamutenga Bonface pa siteji ya njinga zamoto ku Chitakale dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona. Anali atangokweza mayi wina ndi dengu lake la nanazi. Mayiyo anatsika mwamsanga, n'kukakwera njinga ina osayang'ananso m'mbuyo.

Ku polisi kuboma anamuuza mlandu wake. Panali nambala ina ya foni imene inkatumizira anthu mauthenga onena kuti ku esiteti kwapezeka malo a ntchito yothyola tiyi, ndipo wofuna kulembedwa atumize kaye kangachepe. Anthu osauka anatumiza, ena atachita kugulitsa nkhuku zawo. Ntchito sinaoneke. Apolisi atafufuza anapeza kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina la Bonface, ndi chiphaso chake cha unzika.

"Bwana, ine nambala ndili nayo imodzi, ndi iyi," anatero Bonface akuonetsa foni yake yong'aluka galasi. "Iyo mukunenayo sindikuidziwa."

"Chiphaso chanu munatayapo kapena kubwereka munthu?" anafunsa wapolisi wina wamayi, amene anapatsidwa nkhaniyo.

"Ayi. Chimakhala m'thumba mwangamu. Ngakhale mkazi wanga sachigwira."

Anagona komweko. M'mawa mwake anamupatsa belo, n'kumuuza kuti abwerenso Lachisanu. Ngati sipapezeka china chomuchotsa pa mlanduwo, nkhani ipita kukhoti.

Chopsetsa mtima n'chakuti Bonface sanali munthu wokonda zachidule. Anzake ambiri pa siteji ankayenda opanda mapepala, akaona apolisi apamsewu n'kukhotera m'minda ya tiyi. Iye ayi. Njinga yake ankaiyendetsa m'misewu ya miyala ndi matope ya kumunsi kwa phiri, kunyamula anthu ndi katundu wa okwera ku Chambe, ndipo ankadziwa kuti m'misewu yotere ngozi siichedwa. Choncho analimbikira mpaka anapeza laisensi, kenako n'kudula inshuwalansi, ngakhale inali yodula moti banja linakhala mwezi wathunthu likudyera nandolo yekhayekha. Munthu wotereyu ndiye lero ankatchedwa wakuba.

Mbiri yoipa ili ndi miyendo. Atabwerera pa siteji, wapampando wa gulu lawo anamukokera pambali.

"Achimwene, muyambe mwapuma kaye mpaka nkhani yanu ithe. Makasitomala akutiopa tonse."

Bonface anakankhira njinga yake kunyumba, n'kuiimika m'khonde. Mwana wawo Sharon anabwera kusukulu akulira, ati anzake amamufunsa ngati bambo ake angawalembe ntchito ya tiyi. Lines, mkazi wa Bonface, anangokhala pamkeka manja ali m'masaya. Mtima unkamuwawa koopsa, koma sankadziwa womukwiyira.

"Bambo a Sharon, taganizani bwino. Chiphasocho sichinachokepo m'manja mwanu, ngakhale kanthawi kochepa?"

"Ndakuuzani kale, mayi. Mwina tsiku lija ndinkachijambulitsa fotokope yofunika ku inshuwalansi, ku kashopu ka a Morris. Koma ndinaima pomwepo, anandibwezera m'manja."

Onse awiri anaona kuti zimenezo n'zosafunika, ndipo sanazikambenso.

Lachitatu Lines anapita kumsika kukagula ndiwo. Pobwerera anagula zitumbuwa ziwiri zoti akamutonthozere mwana, ndipo wogulitsayo anazikulunga m'pepala monga mwa nthawi zonse. Atafika kunyumba n'kufunyulula, anaona nkhope ya munthu itanyowa ndi mafuta. Anatambasula pepalalo. Inali fotokope ya chiphaso cha unzika cha gogo wina wamkazi amene iye sankamudziwa. Dzina linalipo, tsiku lobadwa linalipo, nambala yonse inkawerengeka bwinobwino. Pakati pa pepalalo panadutsa mzere wakuda kuchokera pamwamba kufika pansi.

Lines anathamangira kwa a Malita, mnansi wawo, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina kuboma. Anawapeza ali pa tchuthi tsikulo, akuanika makaka pa thandala.

"Amayi, taonani chimene andikulungira zitumbuwa."

A Malita anapukuta manja, n'kuliyang'ana pepalalo nthawi yaitali. Nkhope yawo inasintha.

"Mwanawe, ichi si chinyalala. Uyu ndi munthu wathunthu. Ndi pepala ili lokha, wakuba akhoza kudzitcha kuti ndi gogoyu kulikonse kumene ogwira ntchito ndi osasamala. Amuna ako anajambulitsapo chiphaso posachedwa?"

Anamuitana Bonface. Iye anafotokozanso za tsiku lija. Kenako anakanda m'mutu.

"Kopi yoyamba inatuluka ndi mzere wakuda ngati umenewo. A Morris anati yawonongeka, ku inshuwalansi akaikana. Anapukuta galasi n'kujambula ina."

"Nanga yoyambayo inapita kuti?"

"Anaiponya m'katoni pansi pa tebulo."

"Inu n'kuchokapo?"

"Ndinalipira imodzi yokha, amayi. Inayo ndinkaona ngati si yanga."

A Malita anati, "Nkhope yanu, dzina lanu, nambala yanu, koma pepalalo si lanu? Bambo a Sharon, munatseka chitseko ndi loko wamkulu, kiyi n'kumusiya pakhonde."

A Malita anawauzanso china chimene awiriwa anali asanamvepo. Anati makina ena akuluakulu a fotokope amasunga m'kati mwake zithunzi za mapepala amene ajambula. Kompyuta nayo imasunga chilichonse chimene chalowetsedwamo, pokhapokha munthu atachifufuta. Makina otere akagulitsidwa osafufutidwa, amapita ndi zinsinsi za anthu kwa mwini watsopano. Anati ku ofesi kwawo pepala lililonse lokhala ndi dzina la munthu likawonongeka, amaling'amba tizidutswa n'kulitentha.

"Musapite nokha kukalalata kwa a Morris," anatero. "Mukakalalata, katoniyo isowa lero lomwe. Tengani pepala ili, mukalipereke kwa wapolisi amene ali ndi nkhani yanu."

Lines ankafunitsitsa kukayamba kaye kwa a Morris kuti akawauze mawu awiri atatu. Koma anadzigwira, ndipo anapita kuboma ndi mwamuna wake.

Wapolisi uja anamvetsera mofatsa. Masana omwewo anapita nawo ku kashopu ka a Morris, kamene kanali kuseri kwa magolosale ku Chitakale. Anapeza anthu ali pamzere, wina ndi satifiketi ya sukulu, wina ndi buku la kuchipatala, ena ndi ziphaso. Pansi pa tebulo panali katoni ija, yodzaza pafupifupi kusefukira.

Wapolisi anaitulutsa n'kuikhuthulira patebulo. Munali ziphaso, malaisensi, makalata ofunsira ntchito okhala ndi manambala a foni, ngakhale zotsatira za kuchipatala za mtsikana wina, zinthu zimene mwini wake mwina sanauze ngakhale mayi ake omubala. Zonsezi zinali kudikira kukakulungira zitumbuwa ndi usipa.

"Bambo, mapepala awa mumapita nawo kuti?" anafunsa wapolisi.

"Ndi owonongeka amenewo, bwana. Zinyalala basi. Azimayi a pamsika amabwera kudzatenga. Ine ndimangowathandiza."

Apa Lines analephera kupirira.

"Zinyalala? Mwamuna wanga wagona m'chitokosi, mwana wanga akusekedwa kusukulu, njinga ili m'khonde ngati yakufa, inu mukuti zinyalala? Chikanakhala chiphaso chanu, a Morris, mukanalola kuti akulungiremo usipa?"

A Morris anayang'ana pansi. Kunena zoona, iwo sanali wakuba. Anali munthu wosasamala, ndipo nthawi zina wosasamala amapweteka anthu ambiri kuposa wakuba weniweni. Wakuba amabera mmodzimmodzi, koma a Morris ankapereka anthu mwa katoni.

"Amatenga ndi azimayi okhaokha?" anafunsanso wapolisi.

"Alipo mwamuna mmodzi, Pilato, amagulitsa masimu khadi pa ambulera kusiteji ya maminibasi. Amati mkazi wake amaphika mandasi. Koma iye satenga onse. Amakhala pansi n'kumasankha."

"Amasankha otani?"

Zinaoneka kuti funso limenelo a Morris anali asanadzifunsepo n'kamodzi komwe.

Apolisi anamupeza Pilato pa ambulera yake. M'chikwama chake munali mulu wa mafotokope a ziphaso, ndipo ambiri anali ndi mzere wakuda uja wa makina a Morris. Pakati pawo panali nkhope ya Bonface. Pilato anayamba wakana, koma atamuonetsa foni imene anaipeza m'thumba mwake, yokhala ndi mauthenga a ntchito ya tiyi, anaulula kuti ankagwiritsa ntchito mapepalawo kulembetsa manambala m'maina a anthu ena. Wapolisi anayang'ananso kompyuta ya a Morris ndipo anapezamo ziphaso za anthu zosungidwa kuyambira chaka chatha. Anawalamula kuti zonse zifufutidwe nkhani ikatha, ndipo anawauza kuti akafunika kukhoti ngati mboni.

Lachisanu Bonface anapita ku polisi monga anamuuzira. Wapolisi uja anamuuza kuti alibe mlandu. Anamulangiza kuti apite ku ofesi ya kampani ya mafoni ndi chiphaso chake, akafunse manambala onse amene ali m'dzina lake, ndipo amene sakuwadziwa akatsekedwe. Anapitadi, n'kupeza kuti panalinso nambala ina yachiwiri imene Pilato anali asanayambe kuigwiritsa ntchito.

Loweruka wapampando wa siteji anaitanitsa msonkhano. Anapepesa kwa Bonface pamaso pa onse, ngakhale kupepesako kunali kwa m'kamwa mokha, maso ali kumbali. Wina anaseka n'kunena kuti, "Mwaona? Ife opanda mapepala tili pamtendere. Inshuwalansi ndi imene yakugwetsani m'mavuto."

Bonface anaimirira, mkwiyo ukuoneka pankhope.

"Inshuwalansi sinandilakwire. Ndinalakwa ndine posiya chiphaso changa m'katoni. Inu opanda mapepala, tsiku limene mudzagwetse munthu pa miyala ya kuphiri kuja, mudzamulipira ndi chiyani? Ngati vuto ndi kudula, tiyeni tipite limodzi tikafunse."

A Malita, amene anaitanidwa kuti adzalankhule, anagwirizana naye. Anawauza kuti asamakhulupirire munthu wa mumsewu amene akulonjeza inshuwalansi yotchipa bola umupatse kopi ya chiphaso. Apite okha ku maofesi odziwika, afunse mitengo m'makampani angapo, anene zoona za misewu imene amayendamo, ndipo afunse ngati pali kuchotserako kwa anthu obwera pagulu kapena kwa amene sanachitepo ngozi. Gululo linasankha anthu atatu kuti apite ku Blantyre. Anazungulira maofesi angapo, ndipo kampani ina inavomera kuwatsitsira mtengo chifukwa anabwera ambiri.

Pofunika mafotokope a gulu lonse, anabwereranso kwa a Morris, amene tsopano anali atachotsa katoni ija. Bonface anaima pafupi ndi makina. Aliyense akajambulitsa, ankamuuza kuti alembe pa pepalalo ndi bolopeni, modutsa m'mbali mwa chithunzi, kuti kopiyo ndi ya inshuwalansi yokha, ndi tsiku lake. Pepala lina linatuluka lothimbirira, ndipo mwini wake anangolisiya patebulo n'kutembenuka.

"Achimwene, mwaiwala nkhope yanu," anatero Bonface.

Munthuyo anabwerera, n'kulipinda, n'kuliika m'thumba.

Bonface anayambiranso ntchito, ndipo makasitomala ambiri anabwerera. Koma si onse. Alipo ena mpaka lero amene akamuona amadutsa n'kukakwera njinga ina, chifukwa anamva za kumangidwa kwake koma za kumasulidwa kwake sanamve. Pilato anayankha mlandu wake kukhoti, koma dzina la Bonface palibe khoti limene lingalibweze lonse.

Choncho inu amene mukuwerenga, chiphaso chanu chikajambulidwa, pepalalo ndi inuyo. Musachoke pa makina musanatenge makope onse, abwino ndi owonongeka omwe, ngakhale atakuuzani kuti mulipire. Lembani pa kopi iliyonse ntchito yake ndi tsiku. Ngati achilowetsa m'kompyuta, auzeni achifufute inu mukuona. Eni makina ndi a m'maofesi, tenthani mapepala a anthu, ndipo fufutani za m'kati mwa makina musanawagulitse. Ndipo mukapeza chiphaso cha munthu chitakulunga chakudya chanu, musachitaye kudzala. Kachiperekeni ku polisi, chifukwa mwini wake sakudziwa kuti ali pamsika.