Tsempho la Tamandani

Tamandani anayamba kutupa mapazi mu Febuluwale, fodya tili pakati pothyola. Anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi, mwana woyamba wa mlongo wanga Festus ndi mkazi wake Luckness. Poyamba tinkati akunenepa. Kenaka masaya nawo anatupa, tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka, ndipo ukadina chala pamwendo pake pankatsala kadzenje kosabwerera msanga.

Amayi anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Ili ndi tsempho," anatero. "Mwana uyu wasemphedwa."

Kumapiri kwathu kuno aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewa, ngakhale ife opita ku tchalitchi. Amati bambo kapena mayi akagona ndi munthu wina kunja kwa banja, n'kubwera kudzagwira mwana wamng'ono, mwanayo amatupa. Mankhwala ake alipo, koma amati sagwira ntchito pokhapokha wolakwayo aulule, n'kumwetsa mwanayo ndi dzanja lake. Amatinso mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni asanamwe mankhwalawo, amafa. Ine Agnesi sindinena kuti ndimazikhulupirira, sindinenanso kuti ayi. Ndinakulira momwemo, ndipo amuna anga atamwalira ndinabwerera momwemo, m'nyumba yoyang'anizana ndi ya amayi.

Amati bambo kapena mayi. Koma tsiku limenelo palibe amene anayang'ana Festus. Maso onse anapita kwa Luckness, chifukwa ndi mtengwa pamudzi pathu, komanso mu Januwale anakakhala kwawo, kufupi ndi Kasakula, sabata ziwiri pa maliro a mayi ake.

Lolemba lomwelo amayi anatenga mwana n'kulowa naye m'nyumba mwawo, pamodzi ndi buku lake lakuchipatala. Anati Luckness asamugwire mpaka ataulula.

Lachiwiri m'mawa ndinapeza Luckness atagwada pakhomo pa amayi.

"Amayi, ndipatseni mwana ndipite naye kuchipatala. Njinga ya moto ili apa, mafuta alimo."

"Akamubaye jakisoni? Yambani mwanena, amake Tamandani. Mukanena m'mawa uno, masana muli panjira."

"Ndinene chiyani? Ndinali pa maliro a mayi anga."

"Maliro a sabata ziwiri? Manda akewo ankakumba ndi supuni?"

Festus anali atakhala pamthunzi wa chigafa, akusoka fodya. Luckness anatembenukira kwa iye.

"Abambo a Tamandani, yankhulani. Mwana wanu uyu."

"Izi ndi za akuluakulu," anatero osadzutsa mutu. "Ine ndingadziwe bwanji zimene unkachita kwanuko?"

Ndinamva, koma sindinalowerere. Ndinkadziuza kuti sindinali ku Kasakula, sindinganene kuti mlamu wanga analakwa kapena ayi. Ndinangolowa kwa amayi kukamuona mwana. Anali atagona pamphasa, maso ali pang'onopang'ono chifukwa cha kutupa. Phala ankalikana. Kulira kwake kunali kwa mawu ochepa, ngati kamwana ka mphaka.

Amayi anatumiza uthenga kwa nkhoswe ya Luckness, atsibweni ake a Solomoni. Anayankha kuti mvula yawononga msewu, afika Lachisanu.

Masiku amenewo Luckness ankagwira ntchito zonse monga kale. Ankatunga madzi, kuchapa, kuthyola fodya mpaka manja kuda ndi utomoni. Akaweruka ankakakhala pansi pa windo la amayi, n'kumayimba chapansipansi kuti mwana amve kuti alipo. Kumjigo azimayi ankasiya kuyankhula iye akafika. Wina anachita kutsuka chogwirira cha mjigo Luckness atangochoka, iye akuona.

Lachinayi masana ine ndi Luckness tinali kumunda. Ine ndinabwerera kunyumba kudzatenga matumba oyalapo masamba, ndipo ndinadzera njira yachidule ya kuseri kwa chigafa. Ndinamva mawu a mwamuna akunong'ona.

Amayi anali atakhala pa chitsa, mwana ali pamiyendo. Festus anali atagwada patsogolo pawo, kapu ya madzi akuda m'dzanja lina, supuni m'dzanja lina. Ankatsegula kamwa la mwana ndi chala.

"Ndine, mwana wanga," ankatero. "Ndine bambo ako ndinakusempha. Ku Mponela. Imwa."

Ndinaima pomwepo. Festus anandiona, supuni n'kugwa.

"Achemwali, mwabwera nthawi yanji?"

"Pitiriza," ndinatero. "Ku Mponela kunatani?"

Anayankha ndi amayi, akupukuta pakamwa pa mwana ndi nsonga ya chitenje, mosatekeseka ngati akunena za mbewu. Anati Festus atapita kukatsata feteleza kumayambiriro kwa chaka anagona kumeneko masiku atatu, ndipo sanagone yekha. Anawauza yekha Lolemba madzulo. Mankhwala anakatenga okha kwa munthu wodziwa, tsidya la mtsinje, ndipo mwana wakhala akumwa kuyambira Lachiwiri, kawiri pa tsiku.

"Kuyambira Lachiwiri," ndinatero. "Ndiye mlamu uja mukumuzunziranji?"

"Tsitsa mawu. Mlongo wakoyu amuika udikoni pa Isitala. Dzina lake lawerengedwa kale kawiri m'tchalitchi. Akaulula pagulu, amuimitsa, zonse zathera pomwepo. Mkazi amangolowa kalasi ya olapa miyezi ingapo, n'kubwezeretsedwa. Ndani amakumbuka?"

"Chabwino. Poti mankhwala wamwa kale, mpatseni mayi wake apite naye kuchipatala lero."

"Ndiwe wamkulu koma suganiza. Mudzi wonse waona kuti mwana watupa. Akapita kuchipatala popanda woulula, anthu afunsa kuti nanga wamumwetsa ndani. Pafunika dzina."

Ndinayang'ana Festus. Ndinamubereka kumsana mwana ameneyu ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anali akutola supuni m'dothi, n'kuipukutira pa thalauza lake.

"Festus, ukuti bwanji?"

"N'kanthawi kochepa chabe, achemwali. Akangovomera, ine ndimukhululukira. Sindimuthamangitsa ayi."

Ndinatenga matumba aja n'kubwerera kumunda. Luckness anali mumzere wake, atawerama. Ndinafuna kumuuza pomwepo, koma ndinaganiza kuti nkhani yotere ili ndi malo ake, kuti ndikainenere pamaso pa ankhoswe mawa, aliyense amve. Ndinkaona ngati ndiko kuchita zinthu mwadongosolo. Lero ndimaona kuti ndinangowonjezera tsiku lina pa matenda a mwana.

Lachisanu kunacha Tamandani khungu la m'ntchafu litayamba kusupuka. Madzi omwe ankawalavula.

A Solomoni anafika dzuwa litakwera, matope mpaka m'mawondo. Anawayalira mphasa pakhonde pa amayi. Panali nkhoswe ya Festus, amalume athu a Limbani, ndi akuluakulu ena awiri a pamudzi. Festus anakhala pa mpando, atavala shati yoyera. Luckness anakhala pansi, pambali. Mwana anali m'nyumba, ndipo tonse tinkamumva.

Anayamba ndi malonje. Anafunsana za mvula, za mlatho umene unakokoloka, za mbozi m'chimanga. A Limbani anafotokoza mbiri ya ukwatiwo kuyambira tsiku la chinkhoswe. Ine ndinkadikira kuti andipatse mpata.

Luckness sanadikire.

"Ndinachita," anatero.

Onse anatembenukira kwa iye.

"Ndinachita. Ndipatseni mankhwalawo ndimumwetse."

"Pang'onopang'ono, mayi," anatero a Limbani. "Munachita ndi ndani?"

"Munthu wodutsa. Wogulitsa mapoto. Dzina sindikulidziwa."

"Kuti?"

"Kwathu."

"Kwanu pati? M'nyumba kapena kuthengo?"

Mkulu wina anasendeza mpando wake kufupi. Anafunsa kuti kangati. Mnzake anafunsa ngati unali usana, ngati maliro anali ataikidwa kale, ngati munthuyo anamupatsa kanthu. Ankafunsa mosafulumira, akunyambita milomo, ngati anthu amene apatsidwa nyama ya mafupa ambiri. Luckness ankayankha liwu limodzi limodzi, khutu lili kuchitseko. Festus anaphimba nkhope ndi manja n'kumagwedeza mutu.

Ndinaimirira.

"Akunama ameneyu. Wogulitsa mapoto kulibe. Wasempha mwana ndi Festus, ndinamumva ndekha dzulo kuseri kwa chigafa akumumwetsa mankhwala. Amayi analipo."

"Agnesi!" anakuwa amayi. "Wamwa chiyani m'mawa uno?"

A Limbani anaseka pang'ono. "Mwini wake wavomera ndi pakamwa pake. Iwe ukukanira za eni?"

Ndinayang'ana a Solomoni, poganiza kuti iwo ndiye aigwira nkhaniyi, poti ndi mwana wa mlongo wawo. Anali akuchotsa matope ku nsapato ndi kamtengo.

"Ngati pali mawu awiri," anatero, "ndiye kuti tifunika kuyambanso bwinobwino. Tiitane ndi akumpingo amve."

"Alamu," anatero Luckness. Ankayankhula ndi ine, koma maso ake sanachoke pachitseko. "Khalani pansi. Mukatero tikhala pano mpaka madzulo."

Ndinakhala pansi.

Amayi anatulutsa mwana ndi kapu ija. Luckness anamulandira, kanali koyamba kumugwira chichokere Lolemba. Anamumwetsa supuni imodzi, ikutayikira pachifuwa, n'kunena mawu amene anamuuza kuti anene. Akuluakulu anawomba m'manja. A Solomoni anapepesa m'malo mwa banja lawo, nalonjeza mbuzi fodya akagulitsidwa. Amayi anabweretsa buku lakuchipatala n'kuliponya pamphasa.

Festus anati sangathe kuyendetsa njinga, mtima ukumuwawa kwambiri. A Limbani anamugwira paphewa n'kumuuza kuti alimbe, zimachitika. Ndinathamangira kumsewu kukaitana wakabaza, ndipo tinakwera atatu, mwana ali pakati. Potsetsereka pena tinkatsika n'kuyenda pansi chifukwa cha matope.

Tinafika kuchipatala cha ku boma la Dowa masana. Namwino anamuyeza pa sikelo, anadina phazi, anatsegula chikope. Anati thupi la mwana lasowa zakudya zoyenera ndipo magazi achepa kwambiri.

"Masiku onsewa munali kuti, mayi?"

"Tinali kumunda," anatero Luckness.

Anamugoneka, namuika kapaipi m'mphuno kolowetsera mkaka. Jakisoni anamubaya tsiku lomwelo. Ndisaname, singano ikulowa ndinatseka maso. Masiku awiri oyamba mwana sankatsegula maso. Ine ndinkaphika kumalo a odikirira odwala, Luckness sankachoka pabedi.

Patatha masiku anayi, mapazi a mwana anayamba kuphwa. Ndi pamene ndinapeza mphamvu zomupepesa Luckness, kuti ndinadziwa Lachinayi masana koma sindinamuuze.

"Ine ndinadziwa Lachitatu," anatero. "Shati ya abambo a Tamandani inali ndi madontho akuda pamkono, fungo lake la mizu. Amachapa ndine."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinene kwa ndani, alamu? Munaona nokha mmene zinathera inu mutanena."

Sabata yotsatira, Lamulungu masana, Festus anafika. Anabwera ndi mkulu wa mpingo, a Reinford, ndi azimayi awiri a kwaya. Ananyamula buledi ndi botolo la sobo. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kukonza kolala.

"Amake Tamandani," anatero mokweza, kuti ndi a mabedi ena amve, "ndaganiza, ndapemphera. Zimene unandichita n'zowawa. Koma ine ndakukhululukira. Mwana akatuluka, khomo lili lotsegula."

Azimayi aja anati amen. A Reinford anati anyamata a masiku ano ambiri akanangomulongedzera katundu, koma uyu waonetsa mtima wa mtsogoleri. Anauza Luckness kuti kalasi ya olapa imakumana Lachitatu lililonse, ndipo asachite manyazi kufika. Wina mwa azimayiwo anasuzumira mwana n'kunena kuti taonani, chiululireni kutupa kwatha.

Mayi wa bedi loyandikana, amene tinakhala tikugawana naye nkhuni sabata yonse, anakoka mwana wake n'kutembenukira kukhoma.

"Zikomo," anatero Luckness. Anangonena liwu limenelo.

Festus anayang'ana kwa ine, akumwetulira pang'ono, ngati akufuna kuti nanenso ndinene kanthu. Anatambasula dzanja kuti andipatse moni. Ndinaliyang'ana dzanjalo, zikhadabo zake zowengedwa bwino za pa Sabata, ndipo sindinathe. Ndinatuluka panja n'kukaima pa ngalande ya kuseri kwa wodi. Malovu ankangodzadza m'kamwa. Ndinalavula mpaka nditamva njinga yake ikulira kuchipata.

Nditabwerera ndinapeza buledi ali pansi pa bedi, osatsegula. Namwino anali atachotsa kapaipi kaja m'mawa, ndipo Luckness anali atamukhazika mwana pamwendo, kapu ya mkaka ili pamilomo pake. Kakhosi kake kankakwera n'kutsika.

"Alamu, tagwirani mutu wakewu," anatero. "Wayamba kumeza yekha."