Chisanza cha a Yona

Galimoto ya polisi itaima pa esiteti ya fodya kum'mawa kwa Mitundu, anthu amene anali pabwalo anabalalika ngati anapiye aona kabawi. Sanathawe apolisi ayi. Chaka chimenecho boma linali litangosintha, ndipo anthu anali atayamba kuyang'ana wapolisi m'maso. Chimene anathawa ndi galu.

Konstabo Maliko anatsika atagwira chingwe, galuyo n'kudumpha pambuyo pake. Anali wamkazi, wakuda kumsana, makutu ali njo, dzina lake Njiwa. Sajeni Patson, amene ankayendetsa galimoto, ankakonda kuuza anthu kuti imeneyi ndi njiwa yokhayo imene imadya nyama ya ng'ombe mwini wake akudya bonya. Maliko anali wofatsa, ndipo anzake ankati anamupatsa galu chifukwa ndi yekhayo amene akanatha kucheza naye.

Apolisiwo anabwera kudzasaka a Yona, tenanti wokalamba wochokera ku Thyolo, amene anachoka pakhomo dzulo lake m'mawa osabwereranso. Mutu wawo unali utayamba kusokonekera, moti ankafunsa za anthu amene anamwalira kalekale. Matenanti anzawo anasaka tsiku lonse kudambo la kumadzulo, kumene mkuluyo ankakonda kukumba mbewa, koma sanapeze ngakhale phazi. Tsopano linali tsiku lachiwiri, dzuwa la Novembala likuswa mtengo, munthu alibe madzi ndipo ali ndi chilonda pamwendo. Cha ku Dzalanyama mitambo inali itayamba kuda. Maliko ankadziwa kuti mvula ikangogwa, fungo la mapazi lipita ndi madzi, ndipo a Yona adzapezedwa ndi akhwangwala.

Apolisi a pa Mitundu anali atatumiza uthenga woti pakonzedwe chovala cha wosowayo. Mayi Esitere, akazi awo a Yona, anatuluka m'nyumba atanyamula jekete ndi manja awiri, n'kugwada chapatali. Maliko anamva fungo la sopo asanalilandire n'komwe. Jeketelo linali lochapa, lositidwa bwino ndi simbi ya makala. Anayang'ana uku ndi uku. Pabwalo panali posesa, m'nyumba mozira kumene, ndipo mphasa ndi bulangete zinali pampanda zikudontha madzi. Alendo a boma safikira pa litsiro.

"Mayi," anatero Sajeni, "galu ameneyu atipititsa kugolosale kumene munagula sopo."

Njiwa ananunkhiza jeketelo, anayetsemula, kenaka anayang'ana Maliko.

Sajeni anakokera Maliko pambali n'kumuuza kuti angomuzungulitsa galuyo kudambo kuja anthu aone kuti boma layesetsa, akatero abwerere msewu usanaterere. Maliko anati wamva, koma sanasunthe. Miyezi isanu ndi umodzi imene anakhala kumaphunziro inamuphunzitsa kuti galu sadziwa dzina la munthu kapena nkhope yake. Amadziwa thukuta. Munthu amene wakhala m'nyumba zaka zambiri sangachotsedwemo ndi sopo mmodzi.

Ananjuta pafupi ndi mayi Esitere n'kuyamba kufunsa motsitsa mawu. Khasu lawo? Linali litagwiridwa ndi anthu ambiri. Chipewa? Anapita nacho. Nsapato analibe. Atafunsa chimene ankamangira chilonda chija, mayiwo anazolika.

Amene anayankha ndi Zipora, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, atabisala theka kuseri kwa nkhokwe. Anati chisanza cha pachilonda sichipatsidwa kwa mlendo. Chimakhala ndi magazi a munthu, ndipo chikagwera m'manja olakwika, ndicho anthu oipa amamalizira nacho mwini wake. Mwini nyumba amachisomeka kudenga mpaka tsiku lochitentha.

Maliko anamva manyazi ngati wapempha chinthu cha kuchipinda. Koma bingu linagunda patali, ndipo iye anapemphabe.

"Mayi, ine sindichigwira. Muchigwira nokha, musunganso nokha. Galu yekha ndiye anunkhize."

Mayi Esitere anati agalu ngati ameneyu anang'amba ntchafu ya mlongo wawo zaka za m'mbuyomo, iye asanalakwe kanthu. Maliko sanatsutse. Anatsegula chikwama chake n'kutulutsa malaya akale a khaki, obookabooka, odzaza ubweya. Anafotokoza kuti tsiku loyamba la maphunziro aliyense anauzidwa kusiya malaya ake osachapa m'khola la galu wake.

"Awa ndi anga. Zaka ziwiri tsopano amagonera pomwepa. Litsiro langa lonse analisunga ndi iyeyu, ndipo ine ndili moyo."

Mayiwo anayang'ana malayawo nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo anatuluka atafumbata kanthu. Maliko anagwira Njiwa pakhosi n'kumukhazika pansi. Mayi Esitere anatambasulira dzanja ku mano aja, maso atatsinzina. Mphuno yonyowa inakhudza zala zawo. Njiwa anakoka mpweya kawiri, katatu, mchira n'kuuma.

"Saka," anatero Maliko.

Pabwalo posesa paja galuyo anangozungulira. Anapita kuseri kwa bafa, anabwerera, anadutsa pampata wa mpanda, ndipo pamenepo mutu unatsika, chingwe n'kukungika. Analunjika kum'mawa.

Amuna anayamba kukuwa kuti galu wasokera, a Yona sankapita kumeneko, dambo lili uku. Sajeni naye anaimba mluzu. Maliko anamva dzanja lake likufuna kukoka chingwe. Chaka chatha anachitapo zimenezo. Anamvera khamu la anthu n'kumuchotsa Njiwa panjira imene anagwira, ndipo wakuba mbuzi amene ankamusakayo anadzapezeka patapita sabata kumene galuyo ankalowera. Mphunzitsi wawo ankati chingwe amakoka ndi galu, munthu ntchito yake n'kutsatira. Analezetsa dzanja. Anapempha Sajeni kuti azungulire ndi galimoto akawadikire kumsewu wa ku Nathenje, ndipo sanadikire yankho.

Atayenda kamtunda anacheuka. Amuna onse anali atatsala. Amene ankabwera m'mbuyo anali mayi Esitere okha, chisanza chija atachimanga pamfundo ya chitenje.

Anadutsa manazale a fodya, anadutsa mizere yongounga kumene yodikira mvula. Dothi linkatentha moti Njiwa ankaponda modumphadumpha. Pansi pa mtengo wa mango Maliko anamuimitsa, anamuyang'ana kumapazi, anathira madzi m'chipewa chake n'kumupatsa. Iye sanamwe. Theka lotsala m'botolo linali la a Yona.

Pakamtsinje kouma pamene ng'ombe zinapondaponda, fungo linatayika. Njiwa anathamangira kumtunda, anabwerera kumunsi, kenaka anaima lilime lili panja, akulira pang'onopang'ono. Mphepo yozizira inali itayamba kuulutsa masamba. Maliko asanatsegule pakamwa, mayi Esitere anamasula mfundo ija, anagwada, n'kutambasula dzanja. Ulendo uno sanatsinzine.

"Nunkhiza bwino, mwanawe. Abambo ako amenewa."

Maliko anawoloka ndi Njiwa n'kumuyendetsa m'mbali mwa gombe la tsidya, pang'onopang'ono, monga anaphunzirira. Pa chitsa china mutu unatsikanso.

Madontho oyamba anagwa akumva kale kulira kwa malole pamsewu waukulu wa pa Nathenje. Fungo la dothi lonyowa linakwera, ndipo Njiwa anayamba kukayika, mphuno ikuchoka pansi. Maliko anathamanga naye, akumulankhula mawu amene sankalankhula kwa munthu aliyense, kuti limba mayi, patsala pang'ono, usanditaye pano. Kutsogolo kunali chigafa chakale, denga litagwa mbali imodzi. Galuyo anakweza mutu, anakoka mphepo, ndipo anadula pakati pa munda. Pakhomo pa chigafacho anakhala pansi n'kuuwa kamodzi.

A Yona anali atagona pa udzu wa denga logwalo, milomo itang'ambika, mwendo utatupa. Maso anali otsegula. Maliko atawadontheza madzi m'kamwa, anayamba kulankhula. Anati akudikira basi ya ku Thyolo, amayi awo awaitana kukadzala chimanga, ndipo basiyo yachedwa kwambiri.

Mvula inakhuthuka. Mayi Esitere anafika atanyoweratu. Sanalire. Anang'amba m'mphepete mwa chitenje chawo n'kumanga chilonda chija, akuwakalipira amuna awo kuti munthu wamkulu sayenda ulendo osatsanzika. Maliko anati athamangira kumsewu kukaitana Sajeni kuti awatengere kuchipatala. Koma asanapite anatulutsa kachidutswa ka payipi kotafunidwatafunidwa n'kumuponyera Njiwa, amene anakagwira m'mwamba.

Mayiwo anafunsa ngati malipiro ake onse ndi amenewo. Maliko anati ndi omwewo.

Mayi Esitere anapukuta dzanja pa chitenje, analiika pamutu pa galuyo, pakati pa makutu.

"Malaya aja, bwana, musadzachape."