Paipi Yogogoda Katatu

Zhomart, wokonza mapaipi, atafika pa nyumba ina yakale yosanjikizana mumzinda wa Karaganda, chisanu chili m'mafupa, anapeza a Raushan-apa, mayi amene anali mkulu wa anthu okhalamo, ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Anamulalatira kuti paipi yotenthetsera nyumba yakhala ikugogoda chiyambire dzulo masana, anthu atopa nazo, ndipo ngati ntchito yamukanika angonena, abwere wina.

Zhomart anangonyamula zida zake. Atakonza mapaipi a nthunzi zaka makumi awiri, matendawa ankawadziwa: nthunzi ikazizira imasanduka madzi, madziwo amadikha pomwe paipi yapindika, nthunzi ina ikawakankha amamenya ngati nyundo. Anatsikira kuchipinda chapansi, koma sanapeze cholakwika. Ndiye anatseka nthunzi yonse, popeza madzi opanda chowakankha sasokosa.

Go! Go! Go! Kenaka zii.

Zhomart anayandikira paipiyo. Anagunditsa sikuludiraiva papaipi, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu. Katatu, kupuma, katatu. Madzi sadziwa kuwerenga.

Anayamba kukwera, khomo ndi khomo, akumvetsera, a Raushan-apa ali pambuyo akung'ung'udza. M'nyumba zoterezi mnzako akakusokosera supita kukamuuza ayi, umangotenga supuni n'kumenya paipi kuti amve yekha. Ndiye khomo lililonse linkadzitama kuti labwezera. Bambo wina wa pansanjika yachiwiri anachita kumuonetsa sipanala, akuti wamenya mpaka dzanja kuwawa. Zhomart anapsa mtima, koma nthawi yokangana inalibe. Akamakwera, kugogodako kunkamveka pafupi, komanso kunkachedwa kubwereza.

Pansanjika yachinayi anaima.

"Mayi, pamwambapa pamakhala ndani?"

"A Tolegen-aga, koma anapita kwa mwana wawo. Nkhalamba ija nyengo yozizira sikhala kuno."

"Munawaona akupita?"

A Raushan-apa anapukusa mutu. Zhomart anaikanso khutu. Kamodzi. Anadikira, kachiwiri osabwera.

Anathamanga masitepe otsalawo, nagogoda, naitana, koma zii. Analowetsa chitsulo pampata wa chitseko n'kukanula mpaka loko kuthyoka.

A Tolegen-aga anali chigonere pansi kukhitchini, mwendo utapotoka, milomo itauma gwa, chipande chachitsulo chili m'manja pafupi ndi paipi. Anagwa dzulo lake pomwe amatsitsa tiyi pashelefu. Zhomart anawafunditsa jekete lake, naimbira ambulansi, a Raushan-apa atagwada akuwamwetsa madzi pang'onopang'ono.

A Tolegen-aga sanadandaule. Anangowayang'ana mayiwo mothokoza.

"Sindinataye mtima, mlongo wanga. Ndikamenya, ndimamva nonse mukuyankha. Ndimati basi andimva, akubwera."

A Raushan-apa anaweramitsa mutu. Supuni yomwe anamenyera paipi m'mawa womwewo inali ikadali m'thumba la epuloni yawo.