Mkazi wa M'mahedifoni

Salome sankadana ndi jazi. Chimene chinkamuwawa ndi mmene lipenga la mwamuna wake Gibson linkayankhira Faith.

Gibson, mphunzitsi wa pa Kasina, ankaimba saksofoni m'kagulu ka Tony, mwini kakampani kojambula nyimbo pa Dedza boma. Nyimbo zawo zinali zosakaniza: pansi gitala ya besi ikudumphadumpha ngati kudansi, pamwamba mawu a Faith, woimba wawo, akukoka ngati nyimbo ya pa Lenti. Faith akangoti "Ambuye", lipenga lija linkamutsatira, kumunyengerera, kumudikira kuti apume. Koma munthu yemweyu kunyumba ukamufunsa kanthu, yankho lake linali "mm". Zaka khumi ndi zinayi za "mm".

Nsanje inamudya Salome mpaka kabichi wake kudimba anafota osathiriridwa. Anatsimikiza zokamuona yekha mkaziyo, akamuuze maso ndi maso kuti woimba lipengayo ali ndi mwini wake. Loweruka anavala chitenje chatsopano, nakwera minibasi osatsanzika munthu.

Situdiyo ya Tony inali kachipinda kuseri kwa sitolo, makoma atakhomedwa mabulangete ndi matileyi a mazira. Tony anamulandira mwaulemu namupatsa mpando. Salome anamwaza maso uku ndi uku, mkazi osaoneka. Atafunsa, Tony anafotokoza kuti a Faith amakhala ku Blantyre, amajambulira mawu awo komweko n'kuwatumiza pa foni. Ndi aphunzitsi sanakumanepo ngakhale tsiku limodzi.

Apa mtima unayenera kukhala pansi, koma ayi. Kuseri kwa galasi Gibson anali akuimba lipenga yekhayekha, akumvera mawu a Faith m'mahedifoni, maso ali chitsinzinire. Nkhope yake inali yofewa, yachimwemwe, nkhope imene Salome anaiona komaliza ali pa chibwenzi. Akanakhala mkazi wooneka ndi maso akanamuyalutsa mpaka atathawa. Nanga mawu a m'makutu mwa mwamuna wako ungawathamangitse bwanji? Zinamupweteka kuposa zimene zinamubweretsa.

Nyimbo itatha Gibson anatsegula maso namuona. Nthawi yomweyo nkhope ija inauma, n'kubwerera ya masiku onse. Anavula mahedifoni, nasuzumira pakhomo.

"Mayi a Pilira, kwagwanji kunyumba?"

Mawu onse amene Salome anakonza m'minibasi anasowa owauza. Anakonza chitenje chake, nakhazikika bwino pampando.

"Palibe chagwa, bambo. Bwererani mukaimbenso. Mutsinzinenso muja munachitira, ndikuoneni."