Kativi ka m'galimoto ya a Kalebe

"Yawapha ndi tivi ija," anatero malume Aroni. "Munthu angaone bwanji msewu chinthu chikuphethira pamphuno pake?"

Howard, chiikireni m'manda bambo ake, a Kalebe, mawu amenewa anali atawamva kumanda, pachigayo ngakhale kuseri kwa tchalitchi. Galimotoyo anawagulira ndi iye, yakale yochokera ku Japani, kuti aleke kukankha njinga m'zitunda za Ntchisi. Ndiyo inapezeka itagwera m'ngalande pokhota pa msewu wa ku Malomo, mwini wake atatsamira chiwongolero, atatsirizika. Achipatala anangoti mwina ndi mtima. Koma pamudzi "mwina" sakhalitsa, anthu amamupezera dzina msanga.

"Galimotoyo igulitsidwe basi," anapitiriza malume. "Mlamu wanga anali wachidwi ngati mwana. Tsiku unabwera nayo lija anakhala m'menemo mpaka dzuwa kulowa, kumangodinadina."

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinkamudya mtima Howard. Kativiko kankaonetsa mapu a kwawo ku Japani, kamuvi kakuyandama pamadzi pamene galimoto ili pakati pa chimanga ku Nachisaka. Bambo ake anaseka mpaka misozi. "Ndiye kuti panopa tili m'nyanja, mwana wanga?" Pambuyo pake Howard anabwerera ku Lilongwe, ndipo sanakwerenso galimotoyo.

Tsopano ankafuna kudziwa chimodzi chokha: kodi maso a bambo ake anali pati pomaliza? Anakapempha kiyi kwa mayi ake, a Margareta, amene anali asanatuluke m'nyumba chichitikireni maliro.

"Ukufuna ukaonemo chiyani?"

"Akuti inawapha ndi tivi, amayi. Akuti ndinawapha ndine."

Mayiwo anamanga chitenje. "Tiye."

Galimoto inali m'chigafa cha fodya, momwe ng'ombe za ngolo zinaikokera. Howard atatsegula chitseko anangoti kakasi. Kativi kaja kanali katamatidwa ndi katoni ya sopo, tepi yake itayezuka ndi dzuwa, fumbi lili mbuu. Pakona pokha panali kabowo kodulidwa bwinobwino ndi lezala.

"Anamata liti?"

"Chaka chatha. Tikuchokera ku Mtengowanthenga anatsala pang'ono kugunda mayi wosenza nkhuni, maso ali pa kamuvi kaja. Anatsika, nakagwada pamsewu kupepesa, mkulu wa mpingo wathunthu. Titafika kuno sanamwe ndi madzi omwe asanamate."

"Bwanji sanandiuze?"

"Ankati mphatso ya mwana saidandaula. Ukanakhumudwa."

Howard anakhala pampando wa bambo ake. Chimene chinawatenga sanachidziwebe, koma katundu amene anamusenza masiku onsewa anamva akutsika. Malume anali atawatsatira, ndipo anasuzumira pazenera.

"Nanga kabowoko?" anafunsa, mawu atachepa.

"Ka nthawi," anayankha a Margareta. "Wotchi yakeyo imanena nthawi ya ku Japani. Chidwi chija sichinathe ayi. Tikaima pena pake madzulo ankasuzumira n'kuti, 'Anzathu aja agona tsopano.'"

Howard anapotoza kiyi. Injini inangokhosomola, koma kuseri kwa katoni kunamveka belu, kenaka mawu a mkazi, ofewa, olankhula chinenero chimene panalibe wochimva pamudzipo.

"Ameneyo bambo ako ankamuyankha m'mawa uliwonse," anatero mayiwo. "Ankati nkhope tingaiphimbe, koma munthu akakupatsa moni sukhala chete."

Anasendera pafupi ndi chitseko, nawerama pang'ono, naomba m'manja mwaulemu monga ankachitira amuna awo.

"Tadzuka bwino, mayi, kaya inu anzathu," anatero. "Koma bambo aja anatisiya."

Malume Aroni anavula chipewa.