Chombo cha Achimwene

Feliya Mbendera, telala wa mumsika wa Ndirande, analota dzuwa lili paliwombo, tsaya lili pa nsalu ya kasitomala, kuti makina ake osokera anyamuka. Sanadabwe n'komwe. Anangopitiriza kupalasa ndi mapazi monga mwa masiku onse, makinawo n'kuboola malata a shedi, n'kupitirira phiri, n'kulowa mumdima wa nyenyezi uja ankauona pa foni.

Ankadziwa chimene wanyamukira. Kwa zaka zitatu iye ndi achimwene ake, Yosiya, ankasewera gemu ya zombo za m'mlengalenga. Opanga gemuyo anati anabisamo dziko limodzi losalembedwa pa mapu, ndipo anthu a m'mayiko onse akhala akulisaka mpaka maso kufiira. Yosiya ali chigonere m'chipatala ananong'ona kuti, "Ndalipeza. Chombo changa ndachiimika pakhomo pake." Feliya anasolola foni pomwepo kuti alembe manambala a malowo, koma belu lotulutsa odzaona odwala linalira. M'mawa mwake anapeza pabedipo pagona munthu wina. Tsopano chaka chimwalirire Yosiya chinali kukwana Lachisanu, ndipo lamulo la gemuyo ndi loti chombo chikatha chaka osagwedezeka amachifufuta ngati choko pa bolodi. Feliya za dziko lobisikalo analibe nazo ntchito kwenikweni. Ankangofuna kuchipeza chombo cha achimwene ake, achigwedeze pang'ono chabe kuti chisafufutidwe.

Makina ankasoka msoko woyera pamdimapo, ndipo msokowo ndiwo unali msewu.

"Ulusi watsala mayadi makumi anayi, mayi," anatero mwaulemu bobini, kokulungapo ulusi ka m'makinamo. "Ukatha mubwerera."

"Ndakufunsa ndani?" anatero Feliya.

Anatera pa mwezi wina wotuwa ngati phulusa. Pamenepo anapeza osewera anzake onse a pa gulu la pa foni, anthu makumi asanu ndi mphambu zingapo, aliyense ndi khasu. Ankatembenuza miyala, kuinunkhiza, kuibwezera. A Ngalande, mkulu wa gululo, anali atavala tayi kunja kwa chipewa cha galasi.

"A Ngalande, chombo cha Yosiya munachionako?"

"Funso labwino, mayi Mbendera," anatero a Ngalande. "Tiliika pa zokambirana zina. Tiyambe ndi pemphero."

Anapemphera. Kenako anati tiwerenge maminitsi a msonkhano wapitawo. Maminitsiwo ankanena za mwala wopendekera kumanzere, ndipo munthu wina anakweza dzanja kuti ayi, unapendekera kumanja. Koma abale inu! Anakangana mpaka kusankha komiti yoti ikauonenso mwalawo, pomwe mwalawo unali pompo, a Ngalande ataukhalira. Nthawi yonseyi singano ya Feliya inali kubaya pamodzimodzi, ulusi ukungounjikana.

"Makumi atatu," anatero bobini.

Feliya anatsonya, napalasa osatsanzika.

Patsogolo panali dziko lalikulu lachikasu lokhala ndi mkombero ngati lichero. Pamkomberopo panakhala Nangondo, mayi wa matimati amene anamwalira chaka cha kolera, ataunjika matimati ake anayianayi. Anali atanenepako.

"Nangondo, chombo cha Yosiya chili kuti?"

"Moni kaye, mwana wa a Mbendera."

"Ndili bwino kaya inu zikomo chombo chili kuti?"

Nangondo anapukuta tomato ndi nsonga ya chitenje. "Kuthamanga si kufika," anatero. Kenako analoza ndi milomo kumene kunalibe nyenyezi ngakhale imodzi. "Si patali. Ndi pompa apa."

Pompa apa pa Nangondo! Feliya anapalasa mpaka akatumba kuwawa. Anadutsa nyenyezi ziwiri zikumenyana, anadutsa mtsinje wa Nasolo ukuyenda chagada ndi mapepala ake apulasitiki, anadutsa osewera a kunja atatu akuyeza mdima ndi tepi. Aliyense amene anamufunsa analoza ndi milomo, ati mwatsala pang'ono. Mtima unamuwawa Feliya, analusa mpaka misozi, ndipo misoziyo sinagwe pansi, inangomutsatira pambuyo ngati anapiye.

"Khumi," anatero bobini.

Ndipo apo, chombo chija. Chinali ndi dzimbiri m'mbali, koma chitseko chake chinali cha nyumba yawo yakale ya ku Chilomoni, chobiriwira, chotsekera ndi msomali wopinda. Pakhonde panakhala Yosiya atavala malaya a mizeremizere amene Feliya anawasoka yekha usiku wa maliro usanathe, thumba lake lopendekera.

"Takulandirani, chemwali," anatero Yosiya, akuimirira. Anatulutsa mpando nkuupukuta ndi chikhatho. "Khalani."

Chemwali? Khalani? Munthu amene moyo wake wonse ankamutchula kuti iwe Feli wamakani! Koma Feliya analibe nthawi yodabwa. Anadutsa mpandowo, natsamira chombo ndi phewa, nakankha. Chombo chinangoti zii. Anakankha ndi msana, anachimenya theche, anachitukwana.

"Mlendo sakankha nyumba," anatero Yosiya.

"Achimwene, Lachisanu achifufuta! Ndipatseni manambala a malo ano ndidzabwere ndi chombo changa ndidzachikoke."

"Mlendo ndi mame. Tiyeni ndikuperekezeni, dzuwa lapendeka."

Kunalibe dzuwa kumeneko. Koma Yosiya anapinda nsanza kukhala nkhata, nasenza makina aja pamutu, pakuti woperekeza ndiye amanyamula katundu wa mlendo. Anayenda awiriwo motsata msoko woyera, iye patsogolo, Feliya pambuyo, makina akusokabe okha pamutupo.

"Mwendo uja unasiya kutupa?" anafunsa Yosiya.

"Za mwendo zisiyeni. Manambala."

"Nanga denga la shedi? Ndinati ndidzamata phula."

"Likudontha! Manambala, achimwene, ndapota nanu."

"Amayi akudya?"

"Akudya! Iii, koma inu simunasinthe, munthu kukufunsani za kumpoto inu kuyankha za kumwera! Chaka chathunthu ndakhala ndikutembenuza miyala ndi a Ngalande, maso awa atha, makasitomala andithawa, inu muli phee pakhonde!"

Yosiya anangopitiriza ulendo. Ankayenda pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene sakufuna kuti njira ithe, ndipo kuchedwako kunamukwiyitsa Feliya koposa. Anamukankha pamsana kuti afulumire. Msanawo unali wofunda.

Anafika pa mzere wa choko wodula mdima pakati. Tsidya lake kunkamveka wailesi ya wogulitsa makaseti ndi fungo la chipisi. Yosiya anatula makina bwinobwino, mapazi ake osakhudza mzerewo.

"Ine ndibwerera pano, chemwali. Woperekeza sapitirira malire."

"Ulusi watsala wa funso limodzi, mayi," anatero bobini. "Limodzi lokha."

Feliya anatsegula pakamwa. Munali mafunso awiri, lina pansi pa lilime, lina pamwamba, ndipo lapamwambalo linali lozolowera njira.

"Manambala?"

Yosiya anaweramitsa mutu ngati munthu amene wapatsidwa chimene amayembekezera. Anaika manja kumbuyo, nayamba kutchula momveka bwino. "Makumi atatu mphambu zisanu ndi zitatu. Khumi ndi zisanu. Makumi awiri mphambu zinayi."

Ali mkati motchula, Feliya anaona kuti milomo ya achimwene ake inali youma, yong'ambika ngati tsiku lija kuchipatala. Anaona kuti sanavale nsapato. Njira yonseyi munthu wamufunsa za mwendo, za denga, za amayi, iye osamupatsa ngakhale moni. Mpando uja sanaukhalire.

"Dikirani, achimwene, sindimafuna limenelo! Ndimati..."

"Makumi awiri mphambu zisanu ndi zinayi," anamaliza Yosiya. "Muyende bwino."

Ulusi unati phwa.

Anadzidzimuka thukuta lili kamukamu, tsaya litadinda maluwa a nsalu. Asanapume n'komwe anatola choko nalemba pa nsaluyo msangamsanga: 38, 15, 24, 29. Anatenga foni, nalowetsa manambalawo. Chombo chake chinauluka, chinauluka, n'kukaima pamalo opanda kanthu. Panalibe dziko, panalibe chitseko chobiriwira, mdima wokhawokha.

Anayang'ananso pa nsalu paja, ndipo dzanja la utelala linazindikira mutu usanazindikire. Chifuwa, khosi, mkono, kutalika. Unali muyezo wa malaya a mizeremizere aja.

Anayandikitsa foni pakamwa, pamdima wopanda kanthuwo. "Muli bwanji kumeneko?" anafunsa motsitsa.

"Tili bwino, kaya inu," anayankha mayi wina wa chikwama chofiira ataima pakhomo la shedi, mwini nsaluyo. Anasuzumira pamakina. "Aa, simunayambe n'komwe? Nanga izi mwalemba pa diresi langazi n'chiyani? Fufutani."

Feliya anaphimba manambalawo ndi chikhatho.

"Mubwere Loweruka," anatero.