Kompyuta Yotolatola ya ku Zingwangwa

Kingsley anathyoka mwendo mvula itangoyamba kumene. Anali wa kabaza wa njinga yamoto, ankanyamula anthu pakati pa Zingwangwa, Kamba ndi Soche, ndipo tsiku limenelo galimoto ina inamukhula chakumbuyo pa mphambano n'kumugwetsera m'ngalande. Kuchipatala anamuika chikhakha kuyambira m'ntchafu mpaka kuphazi, n'kumuuza kuti akagone kunyumba, mwendowo asaupondetse pansi.

Kunyumbako kunali kwa mchemwali wake wamkulu, Petronela, amene ankasoka zovala m'kashopu kena ku Limbe. Inali nyumba ya zipinda ziwiri pamtunda, yoti pofika pakhomo umakwera masitepe a miyala yosalingana. Petronela anamuyalira matiresi pabalaza. M'mawa ankamusiyira madzi m'botolo, chakudya m'kontena ndi chidebe chodzithandiziramo, iye n'kupita kuntchito. Kingsley ankatsala ndi denga, ntchentche ndi foni yake.

Pa foni pomwepo ndi pamene anaona vidiyo ya mnyamata wina wakunja akusewera pa kompyuta gemu ya mpira imene iye ankaidziwa bwino. Ali ku sekondale ankathawa makalasi n'kukabisala m'kanyumba ka magemu kuseri kwa msika wa Ndirande, ndipo pa gemu imeneyi panalibe ankamugonjetsa. Wa m'vidiyo uja anafotokoza kuti makina akale aja a magemu olumikiza ku TV safunikanso. Pali pulogalamu yotchedwa emyuleta, imene imachititsa kompyuta wamba kudziyesa makina amenewo, magemu ake onse n'kumaseweredwa. Anati ngakhale kompyuta yotayidwa ku ofesi imatha, bola ungowonjezera tizipangizo tiwiri titatu totchipa.

Kingsley anaonera mavidiyo otere mpaka bandulo inatha. Kenako anaimbira mnzake Steve, amene ankagwira ntchito yotumikira pa ofesi ina m'tauni.

"Aise, paja unkati kuntchito kwanu kuli makompyuta akungodya fumbi?"

"Alipo, koma ndi akufa amenewo."

"Ubweretse imodzi. Ndiidzutsa ine."

Steve anapempha kwa abwana ake ndipo Loweruka anafika nayo atainyamula paphewa, thukuta lili kamukamu. Inali kabokosi kakuda kopyapyala, ndi sikirini yokhala ndi mzere wobiriwira pakona. Ataitsegula munatuluka mphemvu ziwiri. Kingsley anaipukuta ndi mswachi wakale, ataikhazika pa mpando pambali pa matiresi, ndipo atailumikiza ku magetsi inayaka. Anakuwa mpaka aneba anasuzumira pawindo.

Koma emyuleta itaikidwa, gemu inangoonetsa mdima, kenako kompyuta yonse inauma. Anabwerera ku mavidiyo aja ndipo anapeza chifukwa chake: pankafunika ramu yowonjezera, kachipangizo konga lula kothandiza kompyuta kugwira zambiri nthawi imodzi, komanso khadi ya zithunzi. Zonsezi ankagulitsa Hamis, bambo wina wa zipangizo zakale za makompyuta ku Limbe. Vuto linali loti Kingsley sakanatha kutsika ngakhale masitepe a pakhomo.

"Achemwali," anatero madzulo Petronela akuvula nsapato, "shopu ya a Hamis ili pafupi ndi kwanu komwe. Mungodutsako pa lanchi."

"Ine za makompyuta ndimazidziwira kuti?"

"Ndikutumizirani chithunzi pa foni. Mungowaonetsa basi."

Petronela anavomera, poona kuti kuyambira tsiku la ngozi aka kanali koyamba mlongo wake kulankhula za china osati ululu. Anagulitsa foni yakale ya Kingsley imene inkangokhala m'dirowa, ndipo tsiku lotsatira anabwera ndi ramu itakulungidwa m'nyuzipepala.

Sinalowe. Kamphako ka m'munsi mwake kanali pambali pang'ono, kosagwirizana ndi malo ake. Kingsley anaitembenuza, anaikankha, anaitembenuzanso.

"Iyi si imene ndinakutumizirani."

"Ndi yomweyo. Yobiriwira, yaitali."

"Zonse ndi zobiriwira, achemwali! Mumayenera kuwerenga nambala."

"Nambala yake iti? Pachithunzi chako panali mbuu."

Anaibweza tsiku lina, n'kubwera ndi yolondola. Kenako inafika nthawi ya khadi ya zithunzi. Ulendo uno Kingsley anati aimbirane pa vidiyo kuti asankhe yekha, koma netiweki inkadukaduka, nkhope ya Hamis inkangoima kukamwa kuli yasa, ndipo Petronela ankamveka akunena kuti kasitomala wa diresi la ukwati akumudikira kushopu. Kingsley analoza khadi imene inaoneka bwino. Itafika kunyumba inapezeka kuti ndi yaitali msinkhu kuposa bokosi lopyapyala lija. Chivindikiro sichikanatsekeka, ndipo chitsulo chakumbuyo chinkaitchinga.

Steve anabwera ndi sowo yodulira zitsulo. Anadula kumbuyo kwa bokosilo ali chogwada pakhonde, Kingsley akumulangiza kuchokera pa matiresi, osaona n'komwe chimene chikudulidwa. Bokosi linabwera lili ndi bala lokhotakhota, lakuthwa, ndipo linamucheka Kingsley chala poika khadiyo. Komabe inalowa. Anayatsa kompyuta, natsegula emyuleta, ndipo kwa nthawi yoyamba bwalo la mpira linaoneka pa sikirini, lobiriwira, anthu akukuwa m'masitandi. Steve anaimirira. Osewera anayamba kulowa m'bwalo. Pomwepo kompyuta inangoti phethi, kuzima.

Anayang'ana babu la padenga. Linali chiyakire.

Anayesanso, inazimanso pamalo omwewo. Anayesa kachitatu. Steve anati ali ndi kwina kopita, nachoka mwakachetechete.

Masiku otsatira anali oipa. Magetsi akakhalapo, kompyuta inkazima yokha. Kingsley akaganiza kuti wapeza chochita, magetsi ndiwo ankathima, iye n'kukhala chogona kumvetsera wailesi ya batire ya aneba, mkati mwa chikhakha mukuyabwa poti sangafikepo. Pomaliza anazindikira kuti kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta, pawa sapulai, kanali kochepa mphamvu, sikakanatha kudyetsa khadi yatsopanoyo.

Petronela anafika madzulo amenewo atanyowa ndi mvula, atayenda wapansi kuchokera pa siteji chifukwa minibasi inawatsitsira panjira.

"Achemwali, mawa mukapitenso kwa a Hamis. Chatsala chimodzi chokha."

"Dzana unatinso chimodzi chokha."

"Ichi ndiye chomaliza. Mukanabweretsa khadi yaing'ono poyamba paja bwenzi zonsezi kulibe."

Petronela anaika jumbo yake pansi pang'onopang'ono.

"Ndikanabweretsa? Unasankha wekha iwe, ine nditaimika foni ngati chitsiru pakati pa anthu."

"Mumagwedeza dzanja! Ndimaona bwanji? Kanthu kakang'ono komweka kukuvutani?"

"Kingsley, ine ndimadzuka kukuphikira. Ndimakutayira chidebe chako, ine, mchemwali wako. Lanchi sindikudya, ndikungozungulira mu Limbe kufunsa zinthu zoti sinditha n'kuzitchula komwe, anyamata a m'mashopu akundiseka. Mayi wa diresi uja wakatenga nsalu yake, wapita kwa telala wina. Zonsezi chifukwa cha zidole za pa sikirini. Sindipitakonso."

"Si zidole."

"Kaya ndi chiyani. Sindipitako."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Kingsley anafuna kumuuza kuti akangokhala osachita kanthu amangomva phokoso la galimoto ija kumbuyo kwake, ndiponso kuti mwini njinga imene ankayendetsa ija anali atapatsa kale munthu wina ntchito yake.  M'malo mwake anakoka chitenje n'kufunditsa kompyutayo.

Anakhala masiku angapo akulankhulana za mchere ndi sopo zokha. Kenako m'mawa wina, Petronela atapita kuntchito, Kingsley anatenga ndodo zoyendera zimene anamupatsa kuchipatala kuti azifikira pakhomo pokha. Anamasula pawa sapulai ija, naiika m'chikwama chakumsana, n'kutuluka. Anaganiza kuti akangofika pamsewu, minibasi ikamutula pafupi ndi Hamis.

Sitepe yoyamba anatsika bwino, yachiwirinso. Koma miyala inali ndi ndere chifukwa cha mvula, ndipo ndodo yakumanja inaterereka. Anagwa chammbali, nagubuduzika mpaka pansi, chikhakha chikuwomba mwala uliwonse. Amayi ogulitsa tomato pafupi ndi mpopi ndiwo anathamanga, akukuwa, namunyamula ngati thumba la chimanga.

Petronela anamupeza kuchipatala atagona pa benchi. Chikhakha chinali chitasweka pabondo, ndipo dokotala atajambula mwendowo anati fupa lasuntha pang'ono, aikanso china, masabata amene anagona aja ayambirenso. Anabwerera kunyumba pa takisi. Atamugoneka pa matiresi Petronela anatsegula chikwama chija, naona kabokosi ka mawaya, nakhala pa mpando nthawi yaitali atakagwira m'manja.

"Ukanafa chifukwa cha ichi?"

"Pepani, achemwali."

"Usandipepese. Undiuze chifukwa chake sitinangonyamula chinthu chonsechi kupita nacho kwa a Hamis poyamba pomwe."

Kingsley anayang'ana kukhoma. "Ndimafuna ndipange ndekha."

"Wapanga wekhadi."

Loweruka m'mawa Petronela anaika kompyuta yonse m'beseni lochapira, naikulunga ndi chitenje, n'kuisenza pamutu kutsika nayo masitepe aja. Mu minibasi kondakitala anafuna kuti beseni lilipire mpando wake, ndipo anakangana mpaka ku Limbe. Hamis ataona bala la sowo lija anagwira pakamwa, kenako anafunsa ngati wodulayo anali ataledzera. Pawa sapulai yamphamvu imene anali nayo inali yaikulu, yosalowa m'bokosi, choncho anaikhazika pamwamba n'kuimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, mawaya akulowera pa bala lomwe lija.

"Kuzima ndiye sizimanso," anatero Hamis. "Koma mukamuuze mlongo wanuyo kuti ubongo wa makinawa, pulosesa, ndi wakale kwambiri. Emyuleta imadalira umenewo, osati khadi. Akanandifunsa poyamba ndikanamuuza. Magemu akale kwambiri aziyenda bwino. Ya mpira akufunayo ndakayika."

"Ndiye musinthe ubongowo."

"Pamenepo ndiye kuti mwagula kompyuta ina, mayi."

Petronela anafika nayo kunyumba masana, khosi likumuwawa, ndipo anafotokoza zonse monga anamvera, osachotsapo kanthu. Kingsley anangoti Hamis sadziwa za maseting'i, posinthira momwe gemu ikuyendera. Analumikiza mawaya, nayatsa. Fani inalira ngati chigayo chakutali. Bwalo linaoneka, osewera analowa, ndipo ulendo uno kompyuta sinazime. Wosewera wapakati anamenya mpira.

Mpirawo unayenda ngati ukugubuduzika m'matope. Osewera ankathamanga ngati anthu owoloka mtsinje wofika m'chiuno, ndipo mawu a wolengeza ankatuluka okokeka, onenepa, osamveka chimene akunena. Kingsley anadina batani lopatsira mnzake mpira, wosewera wake anaganiza kaye, kenako n'kupatsira mdani.

Anatsitsa kaonekedwe ka zithunzi mpaka nkhope za osewera zinasanduka timabokosi. Anachotsa mithunzi, anachotsa anthu a m'masitandi, anazimitsa mawu. Liwiro linakwera pang'ono, koma osafika pamene ankakumbukira. Anayesa gemu ina yakale kwambiri, ya timagalimoto tothamanga, ndipo inayenda bwinobwino, mosadodoma. Anaiyang'ana kanthawi kochepa n'kuitseka. Sinali imene ankafuna.

Petronela anali ataima pakhomo la kuchipinda akumanga duku, akukonzekera kupita ku kwaya ya ku parishi.

"Ndiye yatheka?"

"Yatheka theka."

"Imeneyo ndi yomwe wathyokera mwendo kachiwiri?"

"Ikanakhala pulosesa ina..."

"Kingsley."

"Sindikunena kuti mupite. Ndikungonena."

Petronela anayandikira, nayang'ana pa sikirini timunthu ta makona tikukwawa m'bwalo lopanda anthu. Anafunsa kuti ake ndi ati, iye anati ofiira. Anaonerera limodzi mdani wa malaya oyera akudutsa oteteza onse ofiira mwapang'onopang'ono, Kingsley akudina mabatani ndi mphamvu zake zonse, goloboyi wake n'kudumpha mpira utalowa kale.

"Akuchinya," anatero Petronela.

"Ndaona."

Anatenga buku lake la nyimbo, namuuza kuti mvula ikayamba ndi ziphaliwali azimitse chinthucho chisawotche nyumba, natuluka. Kingsley anasuntha mwendo wa chikhakha chatsopano uja kuti ukhale bwino pa pilo, natsegulanso tsamba la maseting'i kufunafuna china choti achotse.